Ndinakhoma zikhomo pamanda a agogo anga

Aphungu,

Ndine mayi wa zaka 43, wobadwira ku Mandava kuno ku Zvishavane. Makolo anga anachokera ku Malawi. Ntchito yanga ndi yoyeza malo a migodi, ndipo ndinaiphunzira ku koleji ku Gweru. Anzanga amandiseka kuti pepala lililonse ndimaliwerenga katatu ndisanasaine.

Zaka zitatu zapitazo bambo wina wokumba golide anandilemba ganyu yomuyezera malo pafupi ndi mgodi wakale umene unatsekedwa ine ndili wamng'ono. Ndinafufuza mapu akale, ndinafufuza m'mabuku a boma, ndinaonanso zithunzi zojambulidwa m'mwamba. Chakumpoto kwa malowo kunali kankhalango kowirira, kokhako kotsala m'dera lonselo, poti kwina konse ndi zitsa ndi maenje a makorokoza, anyamata ofunafuna golide aja. Pamapu panangolembedwa kuti ndi thengo. Sindinalowemo. Ndinakalambalala, n'kukhoma chikhomo kuseri kwake, n'kusaina. Sindinadzifunse kuti anthu otema nkhuni, amene anamaliza mitengo yonse, anaisiyiranji ya pamenepo.

Mu Okutobala chaka chatha makina okumba analowamo n'kugwetsa mbali imodzi. Anaima atafukula mbale zachitsulo ndi makapu, kenako mafupa. Aphungu, ndi manda a anthu akwathu amene ankagwira ntchito pamgodipo. Mandawo sanalembetsedwe paliponse, poti eni ake ankadziona ngati apaulendo, mawa abwerera ku Dedza kapena ku Mangochi. Miyala sankaika. Ankangodzala nkhadze kumutu kwa manda, ndipo mwambo wathu mukuudziwa, mtengo wa kumanda sudulidwa.

Nkhaniyi ndinaimvera pamsonkhano wa sosaite yathu ya maliro. Wapampando wathu, a Manson, ali ndi zaka 86, ndipo ndi okhawo otsala mwa amene ankakumba manda kumeneko. Anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Mwana wa Isaki, usalire, agogo ako a Levi agona pafupi ndi mkuyu, makina sanawafike. Koma amene anakhoma zikhomo uja, kaya ndi mwana wa yani, sukulu inamutseka maso." Ine ndinangoti, "Zoona, sekuru," monga timaitanira agogo aamuna kuno. Bambo anga ali moyo anandiuzapo kuti agogo anaikidwa kumgodi wakale. Sindinafunse kuti mgodi wake uti.

Mwini malo waimitsa ntchito mbali imeneyo, koma akuti mvula ikatha mu Epulo ayambiranso, chifukwa palibe pepala losonyeza pomwe manda ayambira ndi pomwe athera.

Tsono maganizo anga ndi awa. Bambo anandisiyira nyumba ku Mandava, imene timachititsa lendi. Ndikufuna kulemba wilo yoti ndikadzamwalira nyumbayo idzapite kusosaite, kuti lendi yake izidzasamalira nkhalangoyo, kuimangira mpanda ndi kudzalanso mitengo pomwe panagumulidwa. Ndailemba kanayi, sindinasainebe. Mwamuna wanga Givemore, wa ku Mberengwa, anapeza pepalalo m'chikwama changa cha kuntchito. Anandifunsa kuti, "Nhai Mai Tsitsi, akufa akufuna nyumba ya zipinda zinayi? Nanga ana athu Tsitsi ndi Kudzai adzagona pansi pa mkuyu? Iwe udzaikidwa kumusha, kumudzi kwathu ku Mberengwa, za kumgodi zikukukhudza bwanji?" Nayenso sadziwa kuti siginecha ya papepala loyezera malo lija ndi yanga.

Kodi ndikuwalakwira ana anga? Wilo yotere imalembedwa bwanji kuti komiti ya m'tsogolo isadzagulitse nyumbayo? Ndipo funso limene ndikuchita nalo manyazi ndi ili: kodi ndingachite zonsezi popanda munthu kudziwa chifukwa chake?

L.I., Zvishavane

Mayi L.I.,

Ndiyambe ndi funso lomalizalo, poti ndi limene lakulembetsani kalata. Ayi, simungathe. Wilo si kalata yopepesera. Mukufuna kupepesa tsiku limene simudzakhalapo kuti mumve yankho, ndipo mwasankha ana anu kuti adzakulipirireni mlandu umene saudziwa n'komwe. A Givemore analankhula mokhadzula, koma funso lawo ndi loona.

Munalakwitsa, inde. Munafunsa mapepala onse, munthu osamufunsa. Koma musadzisenzetse katundu yense. Amene anasiya mandawo osawalemba ndi ambiri, ndipo ambiri a iwo anapita kale.

Taonani masiku. Muli ndi zaka 43, ndipo Mulungu akalola wilo yanu idzawerengedwa patapita zaka makumi atatu kapena anayi. Makina akubwera mu Epulo. Mpanda umenewo udzatchinga dzenje?

Chimene nkhalangoyo ikusowa lero ndi pepala lija mwanena kuti palibe, ndipo m'sosaite yonse amene angalilembe ndinu. Uzani amuna anu sabata ino. Mukatero pitani kwa a Manson kunyumba kwawo, osati pamsonkhano, mutatenga munthu wamkulu wa kubanja kwanu, mukawauze kuti mwana uja ndinu. Akhoza kukalipa. Pirirani. Kenako apempheni akutsogolereni kumandako monga mwa mwambo, inu mutanyamula zida zanu zoyezera. Iwo aziloza, inu muziyeza ndi kulemba dzina pa nkhadze iliyonse. Mapu amenewo, pamodzi ndi kalata ya sosaite, apite kukhonsolo, kuofesi yoona za migodi ndi kuofesi yoona za malo a mbiri yakale, ndipo mwini malo alandire yake. Mulembemonso poyera kuti muyezo wanu woyamba sunaone mandawo. Zingakudetsereni mbiri pang'ono kuntchito, sindikubisirani. Funsani loya musanapereke.

Za wilo musazitaye, maganizowo ndi abwino. Kusiyira nthaka ndi mitengo gawo la chuma chako ndi chinthu chimene ambiri a ife sitichiganizira. Koma ichitike masana, a Givemore ali pomwepo. Nyumba isiyireni ana. Nkhalango ipatseni gawo limene banja lingalipirire, kaya ndi lendi ya chipinda chimodzi kuyambira panopa, kaya ndi kachigawo ka penshoni yanu. Musanapereke kalikonse, onetsetsani kuti sosaite ili ndi malamulo olembedwa ndi akaunti yakeyake yosainira anthu oposa mmodzi. Loya alembe momveka kuti mphatsoyo ndi yosamalira malo amenewo basi, ndiponso kumene idzapite sosaite ikadzatha. Wilo yolemba nokha kanayi m'chikwama si wilo, ndi nkhawa chabe.

Chenjezo langa ndi limodzi. Anthu a mtima ngati wanu amadikira kuti zonse zikhale m'malo mwake asanayambe, ndipo ndikukuonani mukukonza mawu okanena kwa a Manson mpaka mvula itatha. Musakonze. Mawu ake ndi atatu okha, "Ndinali ine, sekuru." Akaneneni Loweruka lino, nkhalambayo ikadali ndi miyendo yokafikira pamkuyu.

Aphungu