Mwala wa agogo uli pakhola la nkhumba

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno tilipo, kungoti mayi mwendo uja sunasiye.

Mlatho wamiyala wa panjira ya ku Boma augumula. Watsopano utatha, amalume analumbira pamsonkhano kuti wakalewo palibe adzaukhudze, poti anaumanga ndi agogo athu. Ine mpaka ndinaimba nthungululu.

Lachiwiri ndinapita kwa amalumewo kukabwereka sefa. Ndinapeza khola la nkhumba latsopano, lamiyala yosema. Mwala wa pamlatho uja agogo analembapo dzina lawo uli pakhomo pa kholalo, chadodolido.

Nditawafunsa amalume, akuti, "Iwe, udya miyala?"

Mulungu akusungeni, achimwene, koma aimbireni foni amalumewo, inu amakumverani. Mwala umodziwo atibwezere. Inayo adye okha.

Ndine mlongo wanu,
Esinati