Mapazi Amene Tinavotera

Lachinayi, 30 Meyi

Kampeni yatha 6 koloko madzulo ano. Zikomo Mayi Mangala, mulungu wathu wamkazi, makutu anga apumeko ku zimkuzamawu.

Bambo a Jhunu abwera akutsimphina, ati ndi bondo. Bondo la chiyani! Zaka 34 ndili pabanja ndi munthu ameneyu, ndingalephere kusiyanitsa bondo ndi phazi? Ndawakhazika pampando, ndatenga beseni. Bala lija la pansi pa chidendene chakumanja lakula, m'mbali mwake mwayamba kuda. Shuga nayenso wakwera. Iwo akuti, "Mayi a Jhunu, pirirani, kwangotsala masiku asanu." Ndati zaka khumi ndi zisanu zapitazo munanenanso chimodzimodzi.

Ndikapsa mtima ndimaiwala pomwe zinayambira, ndiye ndidzikumbutse. Bwato litagubuduzika pamtsinje n'kumiza ana asanu ndi awiri a pasukulu yawo, amuna angawa, amene aliyense amangowatchula kuti Aphunzitsi, anapita kukachisi wa Mayi Mangala. Anavula nsapato pakhomo ngati wina aliyense, koma potuluka sanazivale. Analumbira kuti, "Sindidzavalanso nsapato kufikira anthu atandituma ku nyumba ya malamulo ya chigawo chathu cha Odisha kukawatengera mlatho." Ndinalipo, ndinamva ndi makutu angawa.

Koyamba anagonja ndi mavoti 21,000. Kachiwiri 8,400. Kachitatu 630, tsiku limenelo ndinaswa mtsuko mwadala. Aka n'kachinayi, ndipo wopikisana naye ndi yemwe uja, Pitambar wamimba.

Lachisanu, 31 Meyi

Adokotala Panda abwera mozemba, kudzera khomo lakuseri. Mlongo wanga Kalandi, amene amayendetsa kampeni, safuna kuti anthu a Pitambar amve za balali. Adokotala alikanda ndi kachitsulo, Aphunzitsi osamva kanthu n'komwe. Kenako anditengera pambali koma mokweza dala: "Amayi, sindikubisirani. Likafika pafupa tidula. Avale nsapato zofewa, apume. Apo ayi chaka chamawa muzidzagula nsapato imodzi."

Eni ake phazi aseka, ati ndiye kutchipa kumeneko. Ine sindinaseke.

Bandeji avomera, poti si nsapato. Kalandi (ndizingolemba K.) akuti koma tiwatsitsire nsalu yawo mpaka pansi, isaoneke. "Achemwali, mvetsani. Chipani tilibe, ndege tilibe, tili ndi mapazi a alamuwa basi." Ndamuuza kuti akawakonda choncho avule zake. Iyetu wavala zachikopa zonyezimira.

Masana Aphunzitsi atagona ndajambula phazi lawo panyuzipepala, ndakwera njinga yamoto ya mwana wa aneba mpaka kutauni. Wogulitsa nsapato wayang'ana pepalalo, ati, "Amayi, mwajambula munthu kapena njati?" Zala zinatambasuka kalekale, phazi linasanduka chikho. Wafufuza mpaka wapeza zazikulu, zofewa, zamalamba, zija ananena adokotala. Ndazibisa m'sutikesi pansi pa nsalu zanga zaukwati.

Loweruka, 1 Juni

Tavota. Dzuwa la lero ndi loti ungakazinge dzira pamsewu. Anyamata athu ena anati nawonso abwera opanda nsapato potsanzira Aphunzitsi, ndipo pofika 10 koloko amadumphadumpha paphula ngati achule. Eni ake amangoyenda phee, poti phazilo linasiya kumva moto. Anthu akuti ndi mphamvu ya Mayi Mangala. Ine ndi adokotala tikudziwa kuti ndi shuga.

Pamzere tapeza mayi Kuntala, amene mwana wawo Mini anali m'bwato lija. Awerama kugwira mapazi a Aphunzitsi mwaulemu monga amachitira onse, dzanja lawo n'kukhudza bandeji. Sanalichotse msanga. Ataweramuka ayang'ana ine, osati iwo.

"Kuyambira liti, mayi a Jhunu?"

"Milungu itatu."

Alavula pambali masamba a tambula omwe amatafuna, alowa kukavota.

Ndadina pa chizindikiro chathu cha ketulo, makina ovotera alira piii. Kachinayi kudina ketulo ameneyu, tiyi wake sitinamwepo.

Lamulungu, 2 Juni

Kanema akuti Pitambar apambananso. Ndamuzimitsa, ndamufunditsa nsalu.

Lolemba, 3 Juni

Thupi la Aphunzitsi latentha kuyambira m'mawa. Mpunga wonyika m'madzi omwe amaukonda aja angonyambita pang'ono.

Ndawafunsa maso ndi maso: mukagonja mawa, nanga? Ati, "Lumbiro si malaya oti ungavule kukatentha." Ndiye kuti zaka zina zisanu. Ndati, "Nanenso ndinalumbira, bambo. Ndinazungulira moto wa ukwati ndi mwamuna wa mapazi awiri." Angotembenukira kukhoma.

Ndili ndi mantha, ndilembe poyera. Mlathowo ndimaufuna, ana aja ndimawadziwa mayina onse. Koma mawa ine sindikudikira za mlatho kapena za ku Bhubaneswar kunyumba ya malamulo. Ndikudikira kumva ngati phazilo litsale.

Jhunu wayimba kuchokera ku Cuttack, akuti ndiwamangirire pabedi ndiwaveke mokakamiza. Mwana ameneyu anatengera ine. Nidhi wophika maswiti wandinong'oneza kuti a Pitambar aitanitsa kale madengu makumi awiri a zotsekemera za chikondwerero. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Lachiwiri, 4 Juni

TAPAMBANA!!! Ndilembe bwinobwino.

Amawerengera kukoleji, makina ochepa nthawi imodzi, maulendo 18. K. anali m'katimo, akamaliza ulendo amatuluka kudzandiyimbira. Aphunzitsi anakhala pakhonde mwendo uli pampando, akuwerenga nyuzi ya dzana ngati nkhaniyi ndi ya munthu wina.

Ulendo woyamba, tatsalira ndi 900. Wachisanu ndi chimodzi, 3,100. Kwa Pitambar makombola anayamba kuphulika, timawamva tili kuno. Ndinalowa kukhitchini n'kutsuka mapoto otsuka kale. Ulendo wa 11, 1,400. K. ati, "Achemwali, musafe msanga, makina a midzi ya kutsidya sanatsegulidwe."

Atatsegula a kutsidya kwa mtsinje, abale inu! Mudzi wa mayi Kuntala, mavoti 702, ketulo 688. Ulendo wa 14 tinali patsogolo ndi 85. Makombola aja ziii. Wa 16, 1,200. Womaliza K. samatha n'kuyankhula komwe, amangolira pafoni ngati mwana wobadwa kumene, mpaka wina anamulanda n'kukuwa: 2,316!

Ndinaimba nthungululu mpaka mawu anatha. Amayi a mumsewu wathu wonse anatuluka, wina akuliza chigoba cha nkhono, ng'oma, kuthirana ufa wofiira wachikondwerero mpaka m'makutu. Nidhi anabwera ndi madengu aja a Pitambar pangolo, ati eni ake sakuyankha foni. Sindinadyepo zokoma chotero chibadwire. Sunga khosi mkanda uoneka, ndipo lero ndauvala ine.

Anyamata anawanyamula pamapewa kuzungulira msika wonse. Ndinasangalala kawiri, chifukwa phazi silinagunde pansi.

Koma atabwerako ndinatulutsa nsapato zija, K. n'kundiimira kutsogolo. "Osati lero, achemwali. Akalowe m'nyumba ya malamulo chomwecho, dziko lonse lione. Ndipo akapirira mpaka mlatho utamangidwa, chisankho chinacho tidzapambana tili gone." Ndinayang'ana Aphunzitsi kuti amukalipire. Anangokhala chete akusisita chibwano. Chete ameneyo ndimamudziwa, ndi yemwe uja wa zaka khumi ndi zisanu zapitazo.

Lachitatu, 5 Juni

M'mawa tonse kukachisi kukathokoza. Ine ndinanyamula kokonati, maluwa, ndi jumbo ya nsapato zija kukhwapa. Anthu anadzaza mpaka pamitengo.

Titatuluka, pamasitepe pomwe paja anasiya nsapato zawo, K. anatenga chimkuzamawu. "Abale, phungu wathu watsopano, Aphunzitsi Banamali Tarai, sadzavala nsapato kufikira mlatho..."

Sindikudziwa mawu ndinawatenga kuti, poti dzulo anatha. Ndinakuwa, "Bodza! Anati kufikira anthu atawatuma. Ndinalipo ine, iwe Kalandi unali ku Surat kugulitsa nsalu! Anthu awatuma dzulo, kapena simunawatume?" Anthu anayankha kuti tawatuma, koma ena amang'ung'udza, ati amayiwa alowa nazo bwanji. Aphunzitsi maso pansi.

Kenako mayi Kuntala anadzipanikiza pakati pa anthu, anandilanda jumbo, nakhala pansi patsogolo pa Aphunzitsi, kuwatsekera njira. Anakweza nsalu ija ya Aphunzitsi. Bandeji inali itanyowa, yachikasu, aliyense anaiona.

"Aphunzitsi," anatero, "Mini wanga anapita ndi madzi, sabweranso, ngakhale mutayenda ndi mawondo. Mapazi awa si a Kalandi. Si anunso. Tawavotera ife, kanayi konse. Tikuwafuna onse awiri tsiku lotsegulira mlatho, mudzayambe ndinu kuwoloka ife tili pambuyo. Kwezani mwendo."

Munthu amene sanalire pamaliro a mayi ake analira pamenepo. Anagwira phewa langa, nakweza mwendo. Mayi Kuntala anamanga malamba pang'onopang'ono, kumanja kenako kumanzere. Zinakwana ndendende, njati yanga.

Ndiye muone K.! Nthawi yomweyo pa chimkuzamawu: "Aphunzitsi avale! Aphunzitsi avale!" ngati nzeruzo zinali zake. Khamu lonse linalandira, ng'oma zinayambiranso. Aphunzitsi anatsika masitepe akunyamula miyendo m'mwamba ngati mwana wa ng'ombe wongobadwa, anthu akuseka ndi misozi. Kuchoka apo molunjika kuchipatala, ndipo palibe anatsutsa.

Lachinayi, 6 Juni

Bala silinafike pafupa. Adokotala anena kawiri chifukwa ndinawapempha kuti abwereze. SILINAFIKE.

Lamulungu, 9 Juni

Anati awatulutsa madzulo, ndiye ndinatsogola kudzakonza m'nyumba. Chipambanireni anthu sakutha pakhomo, wina akufuna mjigo, wina ntchito ya mwana wake, wina akuti mbuzi ya aneba yamudyera biringanya. Ndinakolopa monse, ndinakhala kukhitchini kusankha mpunga.

Cha m'ma 2 koloko ndinamva kwichi, kwichi, kwichi pakhonde. Ndinakuwa osadzuka, "Aphungu kulibe, ali kuchipatala! Mubwere mawa!"

"Ndine, mayi a Jhunu."

Zaka khumi ndi zisanu munthuyu amalowa m'nyumba muno ngati mphaka, ndimangozindukira ali kumbuyo kwanga akutsegula poto. Ndinaiwala kuti mwamuna wanga ali ndi mgugu.

Ndinawapeza atawerama pakhomo akulimbana ndi lamba, kuti avule monga achitira munthu aliyense wolowa m'nyumba ya eni. Ndinati, "Musayerekeze. Lowani nazo."

Alowa nazo mpaka kukhitchini, fumbi lonse la pabwalo, mapazi awiri awiri pasimenti pomwe ndinakolopa m'mawa. Sindinasesepo.