Lipenga la Isabel ndi Sitima ya Loweruka

LACHITATU

Amayi 12:10: isa, tiketi ya basi ya ku joni ndagula, ndinyamuka lolemba mmawa. ukapanda kukwera sitima ya loweruka lino tidzaonana patatha zaka ziwiri

Amayi 13:45: isabel?

Isabel 16:20: pepani mama, tikamayamba practice ya bandi a sir amatolera mafoni mu ndowa

Isabel 16:21: kuyambira 7 koloko tikungozungulira ground, left right left right padzuwa. lipengali landitupitsa milomo ngati ndalumidwa ndi mavu

Malume Rafael 16:30: holide yanji imeneyi. anzako akuyanika usipa iwe ukuuzira chitsulo

Amayi 16:33: a sir akowo a nathaniel wawauza kuti ukubwera kuno ku nkhata bay kudzandiperekeza?

Isabel 16:35: ndawauza. akuti sindichoka pa chilumba mpaka chikondwerero cha sukulu chidutse

Isabel 16:36: mabuku a nyimbo anadyedwa ndi chiswe, ndye nyimbo zonse zisanu zili mmutu mwanga. ndimayamba ine ena nkumatsatira

Malume Rafael 16:40: uwasiyire mutuwo, thupi likwere sitima

Isabel 16:41: ankolo sizoseketsa

LACHINAYI

Isabel 15:52: mama!! avomera. akuti ndikamuphunzitsa yoswa nyimbo zonse loweruka ndipite

Amayi 15:58: yoswa wa a dorothy a ku yofu? uja anagwa ndi mtanda mu tchalitchi?

Isabel 15:59: yemweyo 😭

Isabel 17:30: 🎤 voice 0:19

Malume Rafael 17:34: akupha mbuzi ndani kumeneko

Isabel 17:35: ndi yoswa, nyimbo yoyamba

LACHISANU

Isabel 17:05: zinayi zatheka. yachisanu amasochera pokhota, mapazi akalondola mlomo umaiwala

Isabel 17:06: a sir akuti mawa tiyese komaliza bandi yonse, ng'oma ndi zonse. akamva bwino andimasula

Amayi 17:08: mawa?? tsiku la sitima?

Isabel 17:10: imafika masana mama. ikangolira ndiliyatsa liwiro, ground ndi doko ndi 20 min basi

Malume Rafael 17:21: chikwama ndinyamula ine kuchokera kunyumba ku khuyu, undipeza pa doko. musade nkhawa mlongo, kuno sitiyendera wotchi. sitima ikalira ndi nkhuku zomwe zimadziwa

Amayi 17:25: ndakugulira nsapato za sukulu, udzayese ndili pompano

LOWERUKA

Isabel 06:52: foni ikulowa mu ndowa. tionana madzulo mama ❤️

Malume Rafael 09:35: sitima yafika kale. akuti ikuthawa mphepo ya mwera, sichedwa

Malume Rafael 09:37: yalira koyamba. isa wamva?

Amayi 09:40: achimwene muimbireni

Malume Rafael 09:46: ndaimba kasanu. ikungolira mu ndowa

Malume Rafael 10:02: 🎤 voice 0:11

Malume Rafael 10:03: mukumva mlongo? ng'oma zawo zikumveka mpaka kuno. iwo ali mkati mwa phokoso limenelo sangamve kanthu

Amayi 10:04: thamangani mukamutenge pliz

Malume Rafael 10:06: ndi bondo langali? njinga zamoto zonse zanyamula katundu wa mu sitima. basi ndanyamuka wapansi

Malume Rafael 10:19: sitima yalira kachiwiri

Amayi 10:20: isabel

Amayi 10:20: isabel mwana wanga tamvera

Malume Rafael 10:38: kachitatu. ndili pakati pa mtunda, chikwama kumsana

Malume Rafael 10:47: ikutembenuka

Amayi 10:47: ayi

Isabel 11:02: MAMA yoswa wakhoza zonse zisanu!!! a sir andimasula, ndikupita ku doko

Isabel 11:04: ankolo mukunama

Malume Rafael 11:06: tayang'ana kunyanja mwanawe

Isabel 11:09: boti nanga? la a matias, lililonse. ndikhala pa matumba a usipa, sindidandaula

Malume Rafael 11:12: mafunde amenewa palibe angawoloke. mwera ukatere ndi masiku anayi, a matias akokera kale boti kumtunda

Isabel 11:15: mama

Isabel 11:41: mama sindinamve. ndimatchera khutu mulungu akudziwa, koma anandiimika pafupi ndi ng'oma yaikulu

Isabel 12:05: 📞 missed call

Isabel 12:30: 📞 missed call

Amayi 13:50: ndaona mwanawe. ndinapita kukafunsa ku ofesi ya basi

Amayi 13:51: tiketi sasintha

Isabel 15:10: a sir andipeza panjira. akuti poti sindinapite, lolemba 7 koloko ndikhale pa ground

Isabel 15:26: mama basi yanu inyamuka nthawi yanji

Amayi 15:58: 7