Anapemphera Maso Ali Otsegula

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira kuti mwendo uja wasiya kukuvutani. Mankhwala aja muzimwa mutadya, chonde musamaiwale. Kuno tili bwino, kupatula denga la kukhitchini lomwe layambanso kudontha.

Mwana wanu wabwera ku tchuthi, ndipo wanenepako. Chaka choyamba cha maphunziro ake a zipembedzo za padziko lonse wakhoza bwino. Popukuta fumbi m'chipinda mwake ndinaona mabuku a Chisilamu, Chihindu ndi Chibuda ali pa shelefu imodzi ndi Baibulo munamupatsa lija. Kale linkakhala pamwamba palokha, pano lili pakati pa anzake. Sindinasunthe kanthu.

Bambo ake amandiseka ndikamadandaula kuti mabukuwa amusintha mwanayu. Akuti, "Inu ku labotale mumayang'ana tizilombo tsiku ndi tsiku, kodi timakulowani?" Ndinaseka nawo, koma ife timavala magolovesi.

Lamlungu tinamupempha kuti apempherere chakudya. Anapemphera bwino, mawu onse m'malo mwake. Koma maso anali otsegula, achemwali, akutiyang'ana mmodzimmodzi modekha, monga momwe ndimayang'anira magazi a odwala kuntchito. Sindinamufunse. Akanandiyankha kuti, "Nanga inu amayi munaona bwanji?"

Mukamuimbira foni musatchule zimenezi. Mungomufunsa za kusukulu, kenako mutchere khutu. Inu amakumasukirani kuposa ine. Mukamva kuti mumtima mwake zinasintha, mundiuze, musandibisire poopa kuti sindigona.

Madzulo ano apempheranso iyeyo. Ndatsimikiza mtima kuti nditsinzina mpaka pa ameni.

Ndine mng'ono wanu wokusowani,
Mayi ake a mwana