Kabati Yanu Sinasunthe

Amayi, kodi muli bwanji kumeneko? Kuno ku Kawale tadzuka tonse. Azakhali aNangozo a ku Biwi nawonso adzuka, ndipo pakamwa pawo pakadali momwe munapasiyira. Ndayamba ndi iwo dala, chifukwa zonse zili m'kalata ino anaziputa ndi iwo. Mukanakhala pafupi mukanandigwira pamkono n'kunena kuti, "Tiya, tsitsa mawu, anthu akudutsa pamsewu." Koma lero ndikulemba, wodutsa sandimva, ndiye mundilole ndinene.

Ndiyambe ndi zabwino. Chisomo wanu anachira bwinobwino, mwana wamkazi, ndipo tamupatsa dzina lanu, Esinati. Akakwiya amatsinzina diso limodzi ngati inu mukamalawa mchere. Bambo ake akadali ku Joni, amatumiza moni wambiri. Kumudzi ku Ntcheu mvula inadula pakati, chimanga sichinachite bwino, koma kachewere ndiye wabereka, amalume anatitumizira thumba. Mpapaya munabzala kuseri uja wayamba kubala, mileme ikutithandiza kudya. Abambo alipo. Amapitabe kushedi kukapala matabwa, amabwera, amadya, amakhala pakhonde. Kuchokera tsiku tinakuikani m'manda anali asanapondemo m'khitchini mwanu. Ngakhale madzi akumwa ankachita kuitanitsa.

Pali chinthu chimene simunachimve, poti pa tsikulo munali m'bokosi pabalaza. Ine ndinali m'khitchini, ndikufunafuna makapu a anthu a pamaliro. Azakhali anali ataima panja, pafupi ndi kazenera koyang'ana ku mpapaya kaja, pamodzi ndi amayi ena a kumpingo kwawo. Sanadziwe kuti ndili mkati. Ndinamva ndi makutu angawa akuti, "Mlamu wangayu wadzipha yekha ndi matama. Mkazi wa ku Kawale kufuna khitchini ya m'nyumba ngati wa kumayadi. Akanamaphikira panja ngati anzake, bwenzi ali moyo." Amayi, thupi lanu lisanatuluke n'komwe pakhomo. Ndinangoluma mlomo chifukwa cha inu, ndipo ndakhala ndikuulumabe mpaka chaka chino.

Chondiwawa kwambiri n'chakuti m'mawu awo oipawo munali kachoonadi. Kuchipatala anatiuza kuti mapapo anu anawonongeka ndi utsi. Zaka zonse zija mukukazinga mandasi ndi samusa pa mbaula, chitseko chili chotseka kuopa mvula ndi fumbi, mukutsokomola n'kumatiuza kuti ndi kachifuwa ka chisanu chabe. Utsi unakuphanidi. Koma matama? Ine sekondale ndinaiona chifukwa cha mandasi amenewo. Azakhali omwewo Loweruka lililonse ankabwera ndi jumbo kudzatenga otsala, ndipo sindinawamvepo akufunsa kuti utsi wake ukuthera m'chifuwa mwa ndani.

Bizinesi yanu ndinaitenga ndine. Mbaula ndinaitulutsa, simalowanso m'nyumba, pano ndimaphikira gasi. Koma mafuta akatentha amafukabe, ndipo khitchini yanu mukuidziwa: ndikatambasula mikono ndimagwira makoma onse awiri. Utsi wa mafuta umadzaza, n'kudutsa pamwamba pa khoma kulowa kuchipinda kwa Chisomo. Mwana anayamba kutsokomola. Kusikelo anauza Chisomo kuti amuteteze ku utsi, ndipo mawu amenewo anafika ku Biwi mwanayo asanafike n'komwe kunyumba.

Lamlungu lotsatira Azakhali anatulukira ndi Gift, mwana wawo wamwamuna uja, yemwe wapeza ntchito ku Old Town ndipo akufuna pogona pafupi. Anakhala pakhonde ndi Abambo n'kuyala zonse ngati anali atayeza kale. Khitchini ikhale chipinda cha Gift. Kabati izulidwe pakhoma. Ine ndiziphikira panja, andiikira malata awiri. Kenako anati, "Achimwene, mwaika kale mmodzi chifukwa cha chipinda chimenechi. Mukufuna muikenso kamwanaka?" Abambo anayang'ana zikhato zawo n'kunena kuti tiona. Inu mukudziwa kuti "tiona" wa Abambo pamaso pa mlongo wawo amatanthauza kuti nkhani yatha.

Ndiye ndinatuluka, ufa uli m'manja. Ndinawauza kuti Gift akagone kumene wakhala akugona zaka zonsezi, utsi ndiuchotsa ine, koma khitchini ya amayi anga sichoka. Anandiseka. Anafunsa ngati ndiziupemerera ndi lichero. Anati Gift ayamba ntchito mwezi ukatha, ndipo adzabwera ndi matiresi ake.

Kunyumba ina kumene ndimaperekako samusa ndinali nditaonapo chinthu chokokera utsi, chimene amachiika pamwamba pa pophikira. M'masitolo amati hudi. Ndinatenga chingwe cha epuloni yanu yobiriwira ija, n'kuyezera. Mfundo yoyamba ndinamanga pa kutalika kwa kabati m'mbali, yachiwiri pa mpata wochokera pansi pa kabati kufika pa moto. Ndinapita nacho ku Old Town chili m'thumba, ngati ndakutengani kuti mukasankhe nokha.

Poyamba mayi wina wogulitsa m'sitolo anandionetsa chachikulu chonyezimira, chokhala ndi chumuni chofika kudenga, chimene sichikanalowa n'komwe pakhomo pathu. Nditafotokoza za kabati, mayi wogulitsayo ananditengera kumene kunali zophwatalala, zomangirira pansi pa kabati. Anati zilipo za mitundu iwiri. Mtundu woyamba sufuna kuboola khoma: umakoka utsi, n'kuudutsitsa pa sefa ya makala, kenako n'kubwezera mpweyawo m'chipinda momwemo. Amayi, ndinaseka mpaka anthu anacheuka. Ndinamufunsa kuti makala omwe aja anandiphera amayi anga, lero ndiye akhale otsuka mpweya? Iye anati makala ake si oyaka, amangogwira fungo, ndipo amafunika kusintha pafupipafupi. Koma anavomera kuti kutentha ndi nthunzi zimatsala m'nyumba. Ndinamuuza kuti sindinabwere kudzagula chinthu chongozunguza utsi ngati nkhani za pachibale. Ine ndikufuna utuluke, upite, usabwerenso.

Mtundu wachiwiri ndi umenewo: uli ndi paipi yodutsa pakhoma mpaka panja, sefa yake ndi yachitsulo, yotsuka ndi sopo ngati mbale, ndipo kumapeto kwa paipi kuli kachitseko kodzitseka kokha kuti makoswe asasandutse msewu. Ndinawauza kuti aziyatse zonse ndimve kulira kwake, chifukwa mwana amagona kuseri kwa khoma. China chinkabangula ngati chigayo. China chinali chachete koma chofooka, nditaika kapepala pansi pake kanagwa. Ndinasankha chapakati, chimene chinagwira kapepalako osataya, chofanana ndendende ndi mfundo yoyamba ija. Chili ndi kababu kounikira mu poto. Ndinakumbukira momwe munkapendekera poto ku zenera kuti muone ngati mandasi afiira.

Vuto linabwera pa mfundo yachiwiri. Mayi uja atayala chingwe chanu pa tepi, anapukusa mutu. Anati kabati ili pafupi kwambiri ndi moto. Ndikaika hudi pamenepo izitentha, ndipo mafuta omata pa sefa angathe kuyaka. Anati ndikweze kabatiyo m'mwamba, apo ayi ndiichotse.

Kabati ija, Amayi. Munkatiuza kuti Abambo anakuimikani pakhoma, n'kukuuzani kuti mukweze mkono, ndipo analemba ndi pensulo pomwe zala zanu zinafika, chifukwa anatopa kukuonani mukukwera pa mpando m'nyumba za lendi. Pangodya pa chitseko chake pali posalala pomwe chala chanu chinkakankha. Kuizula kunali kuwachitira Azakhali ntchito yawo ndi manja anga. Ndinagulabe chinthucho, n'kubwera nacho pa minibasi nditachikumbatira pamiyendo, mutu ukuwira, osadziwa kuti ndikachiika pati.

Yankho ndinalipeza ndi chala cha kuphazi. M'mawa mwake ndikusesa, ndinapunthwa pa njerwa za pansi pa tebulo lanu lophikirapo. Njerwa zimenezo ndinaika ndine nditatenga bizinesi, chifukwa ine ndinatengera msinkhu wa Abambo ndipo msana unkandipweteka. Ndinazichotsa zonse, tebulo linabwerera pansi pomwe inu munalisiya. Nditayezanso, mpata unakwana, n'kutsalako pang'ono. Khitchini imeneyi inali yolondola kuyambira kale. Chimene chinali chachitali mopitirira muyezo ndine.

Koma kuboola khoma ndiye sindikanatha popanda mwini nyumba, ndipo mwini nyumbayo anali adakali pa "tiona". Apa ndi pomwe Azakhali anandithandiza osadziwa. Nkhani ya makala ija ndinali nditamufotokozera Chisomo, Chisomo anaiseka pamaso pa Gift, ndipo pofika ku Biwi inali itamera miyendo. Azakhali anabwera wefuwefu, duku lili pambali, kudzauza Abambo kuti Tiyamike wagula makina odya makala, opemerera utsi wake m'nyumba, akufuna amalize mwana wa mng'ono wake. Abambo anadzuka pampando. Anayenda mpaka pakhomo la khitchini, anaima pang'ono, kenako analowa.

Anatsegula bokosi, n'kutembenuza chinthucho uku ndi uku, kufunafuna makala. Sanawapeze. Ndinawaonetsa paipi, ndinawaonetsa chingwe cha epuloni yanu ndi mfundo zake. Chingwecho anachizindikira, chifukwa anachigwira nthawi yaitali. Azakhali ali pakhomo ankangoti zonsezi ndi zachibwana, kabatiyo izulidwe basi, matabwa ake angakhale shelefu ya Gift. Abambo anakweza dzanja n'kuika chala chawo chachikulu pa malo osalala aja. Kenako anati, osacheuka, "Kabatiyi ndinapangira mkazi wanga. Sisuntha. Gift mumufunire kwina, achemwali." Anatuluka kukatenga hamala ndi tchizulo.

Tsopano mvetserani, chifukwa apa mwina mudzanditsinzinira diso lija. Mayi wa kusitolo anali atandiuza kuti paipi ikhale yaifupi ndiponso yosakhotakhota kuti izikoka bwino. Khoma lapafupi ndi la kazenera koyang'ana ku mpapaya. Abambo anaboola pamenepo. Ine sindinasankhe malowo, koma sindinganame kuti ndinatsutsa.

Waya anadzalumikiza bambo wina wa kumpingo wodziwa zamagetsi. Chikugwira ntchito. Utsi umakwera molunjika ngati waitanidwa. Magetsi akathima, zomwe sizachilendo, ndimatsegula chitseko ndi zenera, ndipo Chisomo amatuluka ndi mwana kukakhala pakhonde mpaka nditamaliza. Esinati wasiya kutsokomola. Abambo anapaka laimu pa mwaye wonse uja, ndipo masiku ano tiyi wawo amadzamwera m'khitchini, ataimirira, akunditchingira njira. Msana wanga ndiye ukudandaula, chifukwa ndikuphika nditawerama pa msinkhu wanu. Ndauuza kuti uzolowere.

Loweruka lapitali Azakhali anabwera ndi jumbo yawo ngati palibe chinachitika. Sanalowe. Anazungulira kuseri kukaona bowo limene mchimwene wawo anaboola, n'kuima pomwe paja anaima tsiku la maliro. Ndinawaona pa kazenera. Ndinali nditangothira anyezi ndi tsabola m'mafuta otentha. Chinthu chija chili ndi mabatani atatu, Amayi, ndipo ine ndinadina lomaliza, lamphamvu kwambiri lija. Ndinamva akutsokomola, kenako akuyetsemula, kenako mapazi akupita. Sindinatuluke. Jumbo yawo inabwerera ku Biwi momwe inabwerera kuno.

Chisomo akuti ndiwakhululukire, poti ndi magazi a Abambo. Inunso mukanatero, ndikudziwa. Munkati pakamwa pangapa padzandithawitsira anthu. Mwina tsiku lina. Osati chaka chino. Pamaliro ndi paukwati ndiziwapatsa moni, ndigwadanso ngati pakufunika kugwada, koma mandasi a m'khitchini yanu sadzawalawanso mpaka atabwera kudzaima pa kazenera kaja n'kubweza mawu awo ndi pakamwa pomwe paja.

Basi, ndanena, ndipo nkhani imeneyi sindidzaitchulanso, kwa inu kapena kwa wina aliyense. Yatuluka ndi paipi.

Chingwe ndachisokereranso pa epuloni yanu, mfundo zake sindinamasule. Ndikukulonjezani kuti Esinati wamng'onoyu adzakula osadziwa kuti mwaye umakoma bwanji pakhosi, ndipo tsiku limene mkono wake udzafike pa chitseko cha kabati, adzaipeza pomwe paja Abambo analemba ndi pensulo.

Ndimakukondani, Amayi. Pumani bwino, mpweya wake ukhale woyera.

Ndine mwana wanu wapakamwa uja,
Tiyamike