Adadi akubisa dzina la galu

Aphungu,

Musaseke chonde. Ndikudziwa kuti ena amakulemberani za mabanja akutha ndi za kuchotsedwa ntchito, ine ndabwera ndi nkhani ya galu. Koma mtima sukukhala m'malo ndithu. Ndikulemba kalatayi ndili kuntchito, pamalo osindikiza makadi ndi zikwangwani, bwana atuluka, ndipo kasitomala wina ndamuuza kuti makina atentha abwerenso masana.

Ndiyambe ndi adadi. Adadi anga anali kapitawo wa zomangamanga, munthu wamawu. Akakuwa pasaiti kuti simenti yachepa, ngakhale omanga a nyumba yoyandikana ankathamangira wilibala. Tikamachedwa kusukulu ankatiitana ali pageti ife tili kubafa, koma tinkamva ngati aima kuseri kwa chitseko. Chaka chathachi anadwala sitiroko. Mwendo unabwererako, amayenda ndi ndodo, koma dzanja lamanja ndi pakamwa ndiye zinakana. Mawu amatuluka movutikira, opindika, ngati munthu akulankhula ali ndi madzi m'kamwa. Poyamba ankayesetsa. Kenako tsiku lina kunabwera anzawo a kuntchito kudzawazonda, adadi anafuna kunena kanthu, mawu anakakamira pakhosi, malovu anatsika, mmodzi mwa alendowo anayang'ana pansi. Kuchokera pamenepo anatseka pakamwa. Panopa ndi mutu basi, kugwedeza, kupukusa, kuloza ndi chala. A fiziyo a kuchipatala, amene amawaphunzitsanso kuyenda ndi kulankhula, anatiuza kuti akapanda kumayesa, ngakhale mawu ochepa atsalawo adzathawa. Chimenechi ndiye chimandidya.

Masana adadi amakhala okha. Amayi amagulitsa zovala kumsika, ine ndili kuno, achimwene amakhala kutali ndi banja lawo ndipo amathandiza pa foni, makamaka ndi maganizo omwe sitinawapemphe. Ndiye ndinaganiza zopeza galu woti azicheza nawo. Galu wa mnzanga anali ataswa, ndinakatengako kamodzi, kakakazi, kofiirira, makutu ngati kanabwereka kwa galu wamkulu, phazi limodzi loyera ngati kanavala sokosi n'kuiwala inzake. Amayi anayamba akana, amvekere m'nyumba muno pakamwa podyetsa pakwana kale. Koma nditakaika pamiyendo pa adadi, kanawanyambita dzanja lodwala lija, iwo osakachotsa. Amayi anangolowa kukhitchini kukafuna mbale yakale.

Vuto linayambira pa dzina. Ine Aphungu ndikayamba chinthu sindidziwa pang'ono. Ndinati dzina asankhe adadi, mwina pakamwa patseguka. Ndinakhala nawo pakhonde n'kumawatchulira: Namondwe, Biskiti, Mfumukazi, Sokosi, Chimphepo, ena ndaiwala. Lililonse ndimati, “Ili bwanji? Nanga ili? Ingogwedezani mutu, adadi.” Iwo kungondiyang'ana. Ndinati mwina sanawakonde, mawa lake ndinabwera ndi ena atsopano. Kenako ndinaponya nkhaniyi pa gulu la banja la pa foni kuti tivote. Kumeneko ndiye kunayaka moto. Azakhali akuti galu kumupatsa dzina la munthu ndi tchimo, ngakhale palibe anatchula dzina la munthu. Alamu akufuna lachizungu loti alendo akamva azidziwa kuti pano pali ophunzira. Achimwene anati timutche Kapitawo, popeza ndi amene akulamula pakhomo tsopano. Uthenga umenewu ndinawawerengera adadi ndikuseka, ndimayesa nawonso aseka. Anadzuka ndi ndodo yawo n'kulowa kuchipinda. Amayi anandiponyera diso lija ankandiponyera ndikaswa kapu ya alendo.

Chikhalirecho galuyo wakhala Biskiti kumayambiriro kwa sabata, Namondwe pakati, Sokosi kumapeto. Palibe lomwe amalimva. Ndikamuitana amandiyang'ana ngati ndikumugulitsa inshuwalansi. Sabata yatha anazembera pageti amayi akulowetsa mabelo a zovala, ndinamuthamangitsa msewu wonse ndi sikete ya kuntchito ndikukuwa mayina onse motsatizana, anyamata otsuka magalimoto akundiombera m'manja. Anamugwira ndi mayi wina wogulitsa nthochi, njinga yamoto itangomuphonya.

Tsopano imvani izi. Nyumba yoyandikana nafe kuli mayi telala, amasokera pakhonde, ndipo mpanda wathu ndi waufupi. Dzulo ndikukatenga diresi langa ndinawadandaulira kuti galu wathu kaya ndi wogontha kaya ndi wopusa. Anachotsa phini pakamwa n'kunena kuti, “Galu uja si wopusa, mwanawe. Bambo ako akamuitana amathamanga mpaka kuterereka pasimenti.” Ndinafunsa kuti amamuitana bwanji, ndi mluzu? Akuti ayi, ndi pakamwa, ndi dzina. Akuti tonse tikangotuluka, geti likatsekedwa, amayamba. Nthawi zina dzinalo limachedwa kutuluka, galu amakhala pansi n'kudikira. Akuti amamukalipiranso akamakumba maluwa a amayi, ndipo tsiku lina anawamva akuseka.

Aphungu, tangoganizani. Adadi amalankhula. Amalankhula ndi galu, ine mwana wawo amandigwedezera mutu. Ndinawachonderera mayi telala kuti andiuze dzinalo, anakana. Akuti iwo sanauzidwe, anangomva chifukwa cha mpanda, ndiye sangagawe chinthu chomwe si chawo. Ndinawanyengerera mpaka kuwalonjeza chikwangwani chaulere, chamitundu, anangobwezera phini pakamwa.

Madzulo ndinawafunsa adadi mosapita m'mbali kuti galuyu dzina lake ndani. Anayang'ana wailesi yakanema. Galu ali gone pamapazi pawo, nayenso ngati anapangana.

Ndiye ndili ndi pulani. Ndili ndi foni yakale. Ndikufuna ndikamapita kuntchito ndiisiye ikujambula mawu kuseri kwa mphika wa maluwa pakhonde. Ndikalimva dzinalo ndilidinda pa kachitsulo ka m'khosi mwa galu, makina ake tili nawo kuno, n'kuwadzidzimutsa adadi pa tsiku lawo lobadwa mwezi wamawa, abale onse ali pomwepo. Mawuwo ndingawatumizirenso a fiziyo ndi achimwene, amve kuti adadi akutha kulankhula. Amayi ndawauza, anangoti, “Iwe ndi mapulani ako,” zomwe sindikudziwa ngati ndi eya kapena ayi. Mnzanga wa kuntchito akuti ndi nzeru zapamwamba. Koma nanga bwanji ndikaigwira foniyo ndimakayika n'kuiikanso pansi? Ndipo ndikapanda kutero, galuyu ndizimuitana chiyani? Ndikungofuna kumva mawu a adadi anga. Mutu wogwedeza ndatopa nawo.

N.K.

Iwe N.K.,

Foni yakaleyo ibwezere komwe unaitenga. Kukayika kwakoko kukukuuza zoona, mnzako wa kuntchito ayi.

Wandifunsa za dzina la galu, koma galuyo dzina ali nalo kale. Anamupatsa mwini wake, ndi pakamwa pake, monga momwe iwe unkafunira pachiyambi. Pulani yako inatheka, kungoti inatheka iwe kulibe, n'chifukwa chake ikukuwawa. Ndikumvetsa. Palibe mwana amene angakondwe kugonja kwa kagalu. Koma taganiza chomwe kagaluko kakuposera. Dzina likachedwa kutuluka kamakhala pansi n'kudikira. Sikayang'anitsitsa pakamwa pa bambo ako, sikawamalizira mawu, sikawauza kuti angogwedeza mutu. Werenganso kalata yako. Unafuna kuti alankhule, koma ndiwe wemwe unawatsegulira njira yothawira, n'kuwakhuthulira mayina ngati lole yotsitsa mchenga. Munthu amene mawu amodzi amamutulutsa thukuta sangapikisane ndi iwe. Ine pongokuwerenga ndapuma kawiri.

Bambo ako anasiya kulankhula tsiku lomwe mnzawo anayang'ana pansi. Mawu sanathe, manyazi ndi amene anakula. Khonde lija masana ndi malo okhawo omwe akulankhula popanda wowamvera chisoni. Ukaikapo foni, n'kudzawaonetsa kachitsulo pamaso pa azakhali ndi alamu, adzadziwa kuti pakhomo pawo pomwe ngakhale mphika wa maluwa uli ndi makutu. Adzatsekanso pakamwa, ulendo uno ngakhale kwa galu, ndipo zomwe a fiziyo anakuchenjezani zija zidzachitika ndi dzanja lako. Pa chifukwa chomwecho, asadziwe kuti mayi telala amamva. Mayi amenewo ukawathokoze n'kuwasiya asoke. Tsamba la nyuzipepala linonso usalisiye patebulo.

Voti ya pa foni itseke lero. Ungolemba kuti dzina ndi nkhani ya adadi, basi, osafotokoza zambiri. Achimwene ako uwaimbire paokha, uwauze kuti nthabwala ya Kapitawo inalasa, ndipo kwa bambo ako upepese mwachidule chifukwa unaiwerenga ndiwe. Chiganizo chimodzi chikwana. Usawachititse msonkhano.

Za kuitana galu, umu ndiye muli ngozi yeniyeni, chifukwa njinga yamoto siphonya kawiri. Mayina ako onse asiye. Sankha mluzu umodzi, womwewomwewo tsiku lililonse, ndipo akabwera umupatse kachakudya pomwepo. Yamba m'nyumba, kenako pabwalo, amayi ako nawonso aphunzire mluzuwo. Mabelo akamalowa, galu akhale atamangidwa kapena atatsekeredwa. Galu savutika kumva mluzu kwa wina ndi dzina kwa wina. Amene akuvutika ndiwe.

Kenako pakubwera ntchito yomwe ikuvute kuposa zonse. Ukaweruka, kakhale pakhonde ndi bambo ako, pambali pawo osati moyang'anizana nawo, uli ndi chochita m'manja. Pesa galu, senda anyezi, chilichonse. Foni ikhale m'nyumba. Usafunse za dzina. Ukafunsa kanthu, funsa kamodzi n'kutseka pakamwa, ngakhale chete atatalika mpaka kukuyabwa. Ukaona milomo yawo ikuyamba kuyenda, maso ako akhale pa galu. Mwina masabata adzadutsa osatuluka kanthu. Khalabe. Kwa a fiziyo ukhoza kunena ndi pakamwa pako, paokha, kuti kunyumba amalankhula akakhala ndi galu. Iwo adziwa mogwiritsira ntchito nkhani imeneyo popanda kuwachititsa manyazi. Ndipo ukaona kuti bambo ako ayamba kukana chakudya, kugona masana onse, kapena kusalabadira ngakhale galuyo, usadikire, kauze adokotala. Kukhumudwa kwakukulu kumabwera kawirikawiri pambuyo pa sitiroko, ndipo thandizo lake lilipo.

Chenjezo langa ndi ili. Sindikukulonjeza kuti adzakukhazika pansi n'kukuuza dzinalo. Likadzamveka, lidzamveka mwangozi, mwina galu atathawa ndi nsapato yawo iwe uli kukhitchini, iwo n'kuiwala kuti m'nyumba muli munthu. Lidzatuluka lopindika, ndipo mwina silidzakhala lokongola ngati ako aja. Mtima udzakuuza kuti uthamange, ulire, uimbire achimwene. Usatuluke. Pitiriza kutsuka mbale, uwasiye amalize kumukalipira.