Bambo Sanaweruke

Lolemba, 8 Julaye

Ndasamutsira thebulo m'chipinda cha malemu bambo. Nyumba yonse ino netiweki imagwira pawindo lawo lokha, ndiye nditani? Amayi sanakondwe. Akuti chipinda cha malemu sagwiriramo ntchito zovala zawo zisanagawidwe. Ndawauza kuti ndi masiku ochepa chabe.

Ntchito ndi yomwe ija. Kampani ya ku Joni imatumiza zithunzi za nsalu pa laputopu, ine ndimazunguliza pamene pali chilema. Ulusi wothawa, banga, kabowo. Mazana anayi patsiku. Wolankhula naye palibe. Nthawi zina dzuwa limafika pamutu ndisanasukusule. Ulesi wandikhala pamsana, ndisaname.

Koma Nobuhle, bwana wathu amene ndimangomudziwa mawu pafoni, wati Lachisanu la sabata yamawa asankha mtsogoleri wa gulu. Tilipo khumi ndi awiri, pamndandanda wa ogwira bwino ntchito ine ndili pa nambala 9. Zaka zitatu pamalo amodzi ngati chitsa. Udindowu ndikuufuna, mpaka mtima ukuwawa.

Lachitatu, 10 Julaye

Kuzizira kwake lero! Masana ndinatuluka kukagula buledi, ndinasiya nditamaliza zithunzi 180. Pashopu panali mzere. Pobwera ndapeza 243.

Ndimati mwina mutu wanga ndiye wasokonekera, ndiye ndatsegula zithunzizo. Zilema zazungulizidwa bwinobwino, zina zoti ine sindikanaziona ngakhale atandibwereka maso ena. Koma dzanja si langa. Ine mzere wanga ndimautseka. Mizere iyi ili ndi kamchira kotsikira kumanzere.

Amayi amachapa kuseri, akuti sipanalowe munthu. Iwowo laputopu amaiopa ngati njoka.

Lachinayi, 11 Julaye

Kamchira kaja ndakakumbukira.

Bambo anagwira zaka 31 pafakitale ya nsalu ku Belmont, choko m'manja, kusaka zilema nsalu ikamatuluka m'makina. Ndili mwana ankazunguliza zolakwa m'makope anga akusukulu chimodzimodzi, kamchira kumanzere. Fakitale itatsekedwa ankadzukabe m'mamawa, kupukuta nsapato, n'kukhala pawindo ili mpaka madzulo. Zaka zonsezo ukapitao sanaulawe, pokhala munthu wobwera m'dziko la eni. Ankati, "Mnyasa amamuyamikira manja, koma mpando amapatsa mwana wapano."

Pakiyibodi pali fumbi loyera. Ndalinunkhiza. M'nyumba muno mulibe choko.

Loweruka, 13 Julaye

Bambo anga aang'ono, a Meshack, afika ndi kombi yam'mawa kuchokera ku Nkulumane. Akuti mawa tikaweruka kutchalitchi tigawe zovala, tisese chipinda, munthu apumule. Miyezi iwiri yakwana kale chimwalirireni bambo.

Ndapempha kuti tidikire Loweruka linalo. Ndanama kuti ndikachotsa thebulo sabata ino andichotsa ntchito. Anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Mntanami, mwana wanga, wakufa sayendera kalenda ya ku Joni."

Komabe avomera. Amayi amangopinda chitenje chawo pamwendo, kupinda n'kupindulanso.

Chifukwa chenicheni ndichilembe muno mokha. Dzulo ndinatuluka dala ola lathunthu. Ndakwera kufika pa nambala 4.

Lolemba, 15 Julaye

Zimene ndikuchita: 8 koloko ndimayatsa laputopu, ndimakonza mpando, ndimatseka chitseko, n'kukakhala panja padzuwa. Ndikatchera khutu pawindo ndimamva. Tik. Kenako chete. Tik. Osathamanga, osapumanso.

Nobuhle watumiza mawu akuseka: "Hawu Erica, udleni sisi? Wadya chiyani? Zilema zimene ukupezazi ngakhale akuluakulu kuno adabwa." Ndayankha kuti ndi khama basi. Khama! Ine woothera dzuwa ngati buluzi.

Ndimadziuza kuti ndi bambo anga, akundithandiza mwa kufuna kwawo. Ndani angakane thandizo la kholo lake? Nambala 2.

Lachiwiri, 16 Julaye

Magetsi anathima 9 koloko. Pofika 11 batire yatha, laputopu bii. Ndinati lero tonse tipume. Magetsi atabwera 3 koloko ndayatsa, ndapeza zithunzi 520 zitamalizidwa.

Si zokhazo. Masana tili kukhitchini tamva chifuwa. Chija chouma cha fumbi la thonje, chimene chinawatenga. Katatu, kenako kukoka mpweya movutikira. Kapu inawapulumuka amayi m'manja. Tonse tinangoyang'ana pansi. Ndinatola zidutswazo.

Ndaonanso zithunzi za lero. Zilema zonse zapezeka, koma mizere ikunjenjemera. Timichira tina sitinamalizidwe. Atopa. Bambo anga atopa, ndipo amene akuwagwiritsa ntchito ndine.

Lachitatu, 17 Julaye

Nambala 1. Chakudya chandikanika.

Lachinayi, 18 Julaye

Nobuhle wayimba m'mawa, sanadikire n'komwe Lachisanu. Udindo ndi wanga. Kuyambira Lolemba ndiziyang'ana ntchito ya anthu khumi ndi mmodzi, ndi kuwaphunzitsa kuona zilema "monga umaonera iwe". Wanditumiziranso zithunzi 60 zovuta kwambiri, ndizizungulize zikhale chitsanzo cha gulu lonse. Ndathokoza. Nditadula foni ndalira, osati chifukwa cha chimwemwe.

Ndinkaganiza kuti zikatheka chonchi asiya okha. Ndatseka laputopu, ndazula nthambo. Tik. Tik. Mpaka dzuwa kupendeka.

Amayi andipeza pakhonde.

"Ukuyesa sindikudziwa? Ndakhala nawo zaka makumi atatu amenewo, chifuwa chawo ndingachiphonye?"

Ndapepesa. Ndati Loweruka tikasesa zitha. Apukusa mutu. Akuti tsache silichotsa munthu pamakina. Bambo sankachoka pantchito kapitao asanafuule kuti tshayile, nthawi yoweruka yakwana. Tsiku limene ndinkabadwa ine uthenga unawapeza m'mawa, koma anadikira mpaka kapitao atanena. Ndipo fakitale inatsekedwa ndi kapepala pageti. Palibe anawawerutsa kuti pitani, palibe anawauza kuti mwamaliza.

"Iwe wawalembanso ntchito. Lero akupatsa ukapitao, so kapitao wawo nguwe, ndiwe. Ukawawerutse. Osagwada, osati bambo. Kapitao amaitana dzina."

Dzina lawo pamaso pawo? Chibadwire sindinalitchulepo.

Lachisanu, 19 Julaye

Ndasamba m'mamawa, ndavala siketi yakuda ndi nsapato zotseka, ngati wopita kuofesi yeniyeni.

Ndilembe zoona. M'mawa wonse ndimazungulira pabwalo ndikudzinyengerera. Zithunzi 60 zija bwenzi atazimaliza pa ola limodzi. Ndikanangowasiya lero lokha, mawa n'kusesa, angadziwe ndani? Ndinafika pogwira chitseko kuti ndikawatsegulire zithunzizo. Ndiye chifuwa chinayamba, chachitali, chosafuna kutha. Ndinachotsa dzanja.

Amayi akuti Lachisanu ku Belmont ankaweruka 1 koloko. Itakwana ndatsegula chitseko. Mpando unali wopanda munthu, wokankhidwira pafupi ndi thebulo monga amakhalira munthu wolimbikira. Mumazizira kuposa panja. Mawondo amafuna kugwada okha, ndawakaniza.

Ndaima nji pakhomo. Kenako ndafuula mpaka agalu a oyandikana nawo kuuwa.

"Fyson! Tshayile!"

Tik uja wasiya.

Ndinayenera kulekera pomwepo, koma pakamwa panapitiriza pokha, motsitsa. "Mwagwira bwino ntchito, bambo. Kapumeni. Pepani."

Mpando wabwerera m'mbuyo pang'onopang'ono, miyendo yake ikukhula simenti. Mphepo yandidutsa paphewa. Kukhitchini amayi anayamba kulira, kulira kwenikweni kumene sanalire pamaliro. Kenako geti lakunja lalira, latsekeka bwinobwino.

Ndayimbira bambo aang'ono kuti mawa abwere molawirira.

Tsopano ndakhala pampandowo. Ndi 2 koloko. Ndatsegula chithunzi choyamba mwa 60 zija, nsalu yabuluu. Nobuhle akuti pali chilema chimodzi. Ndachiyang'ana mphindi makumi awiri, m'chipinda muli zii, ndipo sindikuchiona.